Kuyenda ndi chipinda kumbuyo kwa galimoto: Kodi n'zotithandiza?

Nyengo yachisanu ikafika, kuyambira Juni mpaka cha mu Seputembala, anthu ochita malonda mu Old Town mumzinda wa Lilongwe amazolowera kuona galimoto zachilendo. Zimakhala zili mbuu ndi fumbi, nambala zake za ku South Africa, Namibia kapena maiko a ku Ulaya, pamwamba zitasenza matayala, zigubu ndi mafosholo. Zina zimakhala zikukoka tingolo totseka bwino kumbuyo.

Eni ake amaima pang'ono kuti agule zakudya, asinthe ndalama ndi kumwetsa mafuta, kenako n'kulowera kumalo ogona alendo oyenda ndi matenti. Malo amodzi omwe adatchuka ndi alendo otere ndi Mabuya Camp ku Area 3, omwe kale ankatchedwa Kiboko Camp. Kukacha, ulendo wa kunyanja kapena ku South Luangwa m'dziko la Zambia, kudzera pachipata cha Mchinji.

Munthu wongodutsa amayesa tingoloti ndi tonyamulira katundu basi. Koma tina mwa ito ndi nyumba zenizeni, zokhala ndi bedi, pophikira ndi magetsi omwe. Yaing'ono kwambiri mwa makalavani onsewa ndi ija eni ake amaitcha teardrop, kutanthauza dontho la msozi, chifukwa ukaiyang'ana cham'mbali ndi yozungulira kutsogolo n'kumanka isongoka kumbuyo ngati msozi ukamatsika patsaya.

Kalavani ya mtunduwu siioneka kawirikawiri m'misewu yathu. Komabe nkhani yake ikutikhudza. Masiku ano mabanja ena a m'matauni monga Mponela, Mitundu, Lizulu, Jenda ndi Ntcheu ali ndi kagalimoto kawokawo, koma ana awo akukula osaionapo nyanja yomwe amaiphunzira kusukulu. Chimawabweza kawirikawiri ndi mtengo wa malo ogona. Malo ambiri a alendo m'mbali mwa nyanja amawerengera mitengo yawo m'madola, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chipinda cha usiku umodzi chidafika poti munthu wapantchito wamba sangachiyandikire.

Ndiye kodi kunyamula chipinda chako kumbuyo kwa galimoto kungakhale yankho?

Idachokera kuti?

Kalavani ya msoziyi idayamba kutchuka ku America m'zaka za m'ma 1930, nthawi yomwe chuma cha dzikolo chidalowa pansi ndipo anthu ankafuna njira yoyendera mosaboola m'thumba. Magazini a zaumisiri ankasindikiza mapulani ake kuti aliyense wodziwa kugwira sowo ndi hamala adzipangire yekha pakhomo. Pulani ina yomwe idatchuka kwambiri idatuluka m'magazini ya Mechanix Illustrated m'chaka cha 1947.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, zipangizo zotsalira kunkhondo zinkapezeka motchipa. Amisiri ankatenga malata a aluminiyamu opangira ndege n'kukutira makalavaniwa, ena n'kuikako matayala a galimoto zankhondo za Jeep. Kukula kwake kunkatengera thabwa limodzi la plywood, lomwe ndi mamita 1.2 m'lifupi ndi mamita 2.4 m'litali, muyezo womwewo umene timagula m'mahadiweya athu lero.

Pofika m'ma 1960 anthu a ku America adayamba kukonda galimoto zikuluzikulu ndi makalavani aakulu ngati nyumba, ndipo kamsozi kaja kadaiwalika. Kadadzabwereranso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pomwe mapulani ake adayamba kufala pa intaneti.

Kuno kummwera kwa Africa, dziko lomwe lidazolowera makalavani ndi South Africa, komwe kampani ya Jurgens idayamba kuwapanga m'zaka za m'ma 1950. Kumeneko n'komwe kumachokera ngolo zolimba za m'tchire zomwe timaziona mu Old Town. Ife Amalawi kalavani tidaidziwira kwambiri kwa anthu okonza misewu, omwe amaiika pamsasa pawo n'kumagonamo mpaka ntchito itatha.

Mkati mwake muli chiyani?

Mamangidwe ake ndi osavuta kumva. Pansi pali chimango chachitsulo chokhala ndi matayala awiri. Pamwamba pake pali kachipinda komwe kadzaza ndi matiresi a anthu awiri, chitseko chili m'mbali, mashelefu a zovala ali chakumiyendo. Kuchoka pamatiresi kufika kudenga ndi mtunda wongokwanira munthu kukhala tsonga.

Khitchini ili panja, kumbuyo. Mumatsegula chivundikiro chake ngati buti ya galimoto, n'kupeza shelefu yoikapo chitofu cha gasi, mapoto, mbale ndi chigubu cha madzi. Chivundikirocho chikakwera m'mwamba chimasanduka kamthunzi ka wophika. Makalavani amakono amakhala ndi batire ndi sola padenga, zoyatsira nyale, kutchajira foni ndi kuyendetsa kafuliji kakang'ono.

Ambiri mwa iwo salemera kupitirira makilogalamu 500 akakhala opanda katundu. Kupepukaku ndiko kudawatchukitsa, chifukwa safuna galimoto yaikulu kuti iwakoke.

Ubwino wake

Choyamba ndi ndalama ya malo ogona. M'mbali mwa nyanja ya Malawi, kuyambira ku Cape Maclear, Senga Bay, Kande, Nkhata Bay mpaka ku Chitimba, muli malo omwe amalola mlendo kuimika galimoto ndi kugona m'tenti kapena m'kalavani yake. Kumeneko mumalipira malo oimapo, bafa ndi chimbudzi basi, ndipo mtengo wake umakhala wotsika kwambiri poyerekeza ndi chipinda cha pamalo omwewo. Nyanja yake ndi yomweyo, mchenga ndi womwewo, dzuwa likamatuluka mumaliona limodzi ndi amene walipira madola.

Chachiwiri ndi chakudya. Aliyense amene adayendapo ndi banja amadziwa kuti ndalama zimathera m'malesitilanti. Wokhala ndi khitchini yake amanyamula ufa kunyumba, kugula tomato ndi kabichi m'njira pa Lizulu kapena mpunga ku Nkhotakota, usipa kapena chambo kwa asodzi padoko, n'kuphika nsima monga momwe amaikondera.

Chachitatu ndi kugona pamwamba, kutali ndi dothi. Amene adagonapo m'tenti nthawi yadzinja akudziwa momwe madzi amalowera pansi pa mphasa usiku, komanso linthumbwi likabwera momwe limabalalitsira anthu. M'kalavani muli makoma olimba ndi chitseko chokhoma ndi kiyi. Mphepo ya mwera, yomwe imaomba kwambiri panyanja miyezi yachisanu n'kumagwetsa matenti osakhomedwa bwino, kalavani siiopa.

Palinso nkhani ya nthawi. Tenti imafuna kukhoma zikhomo, kukoka zingwe ndi kupopa matiresi, mwina mdima utagwa kale. Kalavani mumangoimika, kuika miyala kumatayala, n'kulowa. Bedi limakhala loyalayala kuchokera kunyumba. M'mawa mukafuna kukaona malo ena, mumaimasula n'kuisiya pamsasa, galimoto n'kuyenda yokha.

Pomaliza, chifukwa ndi yaifupi ndiponso yozungulira kutsogolo, siilimbana kwambiri ndi mphepo pamsewu. Mafuta amathabe kuposa galimoto ikakhala yokha, koma osati ngati pokoka chikalavani chachikulu. Poisunga siivuta, imakwana pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu awiri atha kuikankha ndi manja.

Walira mvula walira matope

Vuto loyamba, lomwe kwa ife ndi lalikulu kuposa onse, ndi loti kalavaniyi idapangidwira anthu awiri. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pakhomo pa Mmalawi pamakhala anthu anayi kapena asanu. Tikaonjeza mphwake wa bambo, mlamu ndi agogo omwe sangasiyidwe pa ulendo wa kunyanja, kachipinda ka mamita awiri ndi theka kaja sikathandiza kanthu. Pamwambo wathu ana osinkhuka sagona chipinda chimodzi ndi makolo, choncho tenti mudzaigulabe.

Chachiwiri, simungaimirire mkati. Kuvala kumachitika mutakhala pansi kapena mutagona chagada. Kwa achinyamata ndi nkhani yoseketsa, koma kwa munthu wamkulu wodwala msana kapena mawondo, kulowa chokwawa ndi kutuluka chokwawa usiku uliwonse ndi chilango. Mulibenso chimbudzi kapena bafa. Mukadzuka pakati pa usiku muyenera kutuluka ndi tochi, ndipo kumalo ngati Liwonde, komwe mvuu ndi njovu zimayenda usiku pafupi ndi misasa, kutuluka wekha mumdima si masewera.

Chachitatu ndi kutentha. Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere, pomwe nyanja ya Malawi ili pansi pa mamita 500. N'chifukwa chake munthu wochoka kuno atavala juzi amafika ku Salima akutuluka thukuta. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kabokosi ka malata kopanda mawindo okwanira kamasanduka uvuni. Mukatsegula chitseko kuti mupitidwe mphepo, udzudzu nawo walowa, ndipo kunyanja malungo ndi osasowa. Kalavani yoyenda m'dziko lino iyenera kukhala ndi mawindo mbali zonse ziwiri otchingidwa ndi sefa, potulukira mpweya padenga, ndi malo omangirira neti.

Nthawi yachisanu vuto limatembenuka. Pa Zomba, ku Dedza kapena ku Nyika usiku kumazizira koopsa, ndipo munthu angaganize zolowetsa mbaula. Musayerekeze. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndiponso wosanunkha, womwe umapha munthu ali m'tulo. M'kachipinda kakang'ono chonchi ngoziyo ndi yaikulu zedi. Chitofu cha gasi nacho malo ake ndi panja.

Khitchini yapanja ija imakoma kukakhala kowala. Mvula ikamagwa chopemerera, wophika amanyowa pamodzi ndi ndiwo zake. Kumalo ngati Cape Maclear, anyani ndi apusi adazolowera alendo, ndipo mukangotembenuka buledi wapita.

Nanga misewu yathu?

Apa ndi pomwe pamafunika kuganiza mofatsa. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Salima pamsewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo Senga Bay ili makilomita ena ngati 20 kutsogolo. Ndi phula lokhalokha, ngakhale pali zitunda ndi zigwa pomwe msewu ukutsikira kunyanja. Ulendo uwu kalavani yaing'ono itha kuyenda bwino dalaivala akakhala wodekha.

Wopita ku Monkey Bay ndi Cape Maclear podzera ku Dedza amakumana ndi msewu wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti. Ndi wokongola, koma makona ake ndi akuthwa ndipo kutsetsereka kwake n'kwakutali. Ngolo yopanda mabuleki akeake imakankha galimoto kuchokera kumbuyo, mabuleki a galimoto n'kutentha. Pamalo otere pamafunika giya yaing'ono ndi mtima woleza. Chimodzimodzi pa Chiweta popita ku Karonga.

Pali misewu ina yomwe ngolo yamatayala ang'onoang'ono siyenera kuyesa n'komwe. Msewu wa Gorodi, wokwera kuchoka ku Chitimba kupita ku Livingstonia, uli ndi makona pafupifupi 20 opindika ngati chigongono, ena mwa iwo ofuna kuti galimoto ibwerere m'mbuyo kaye isanakhote. Msewu wochoka ku Rumphi kukwera ku Nyika nawo mbali yake yaikulu ndi yafumbi ndi miyala. N'chifukwa chake alendo a ku South Africa aja amakoka ngolo zazitali miyendo, zamatayala ofanana ndi a galimoto yawo. Ngolo zoterozo ndi zolemera, zodula, ndipo zimafuna galimoto yamphamvu.

Ngakhale paphula, maenje ndi mdani. Galimoto itha kuzemba dzenje, koma tayala la ngolo n'kugweramo. Kubwerera m'mbuyo ndi ngolo ndi luso lofunika kuphunzira pabwalo lopanda anthu, chifukwa ukakhotetsa chiwongolero kumanja ngolo imalowera kumanzere. Yerekezani kuti mwalowa nayo mumsewu wa Malangalanga masana, pakati pa maminibasi, akabaza ndi mawilibala, kenako mwapeza kuti kutsogolo kwatsekeka.

Tisaiwalenso mafuta. M'zaka za 2011 ndi 2012, komanso kangapo kuyambira 2022, Amalawi agonapo pamizere ya mafuta. Galimoto yokoka ngolo imamwa kwambiri, ndipo kuima pamzere wautali uli ndi ngolo kumbuyo ndi chintchito.

Galimoto yanu ingakoke?

Galimoto zambiri zomwe mabanja akugula masiku ano, monga Vitz, Passo, Sienta ndi Note zochokera ku Japan, zimabwera zopanda chitsulo chokokera. Zambiri ndi za otomatiki ndipo injini zake ndi zazing'ono. Kukoka katundu wolemera pachitunda kumatenthetsa giyabokosi, ndipo mtengo wokonzetsera utha kuposa ndalama yonse yomwe mumati mupulumutse. Musanaganize za kalavani, onani buku la galimoto yanu kapena funsani makaniko wodziwa kuti galimotoyo imaloledwa kukoka makilogalamu angati. Chokokera chiyenera kumangidwa pachimango cha galimoto, osati kungowotcherera pabampala.

Kumbali ya malamulo, ngolo ndi galimoto payokha. Imayenera kulembetsedwa ku nthambi ya boma yoona za pamsewu ya Road Traffic, kukhala ndi nambala yake, nyale zakumbuyo, zosonyeza kokhotera ndi zonyezimira. Potsatira dongosolo la malaisensi la maiko a SADC, laisensi ya B imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake. Kupitirira apo pamafunika EB. Wofuna kutuluka nayo kunja, kaya ku Chipata kapena ku Tete, aonetsetse kuti mapepala a ngoloyo ndi inshuwalansi yake zili m'manja asanafike pachipata. Safunsa adadya phula.

Lamulo lina lomwe tiyenera kulinena mokweza, podziwa chizolowezi chathu chopakira anthu paliponse pomwe pali mpata, ndi ili: munthu asakwere m'kalavani ikamayenda. Ana angalirire bwanji kuti akagone pamatiresi paja, ayi ndithu. Mulibe malamba, ndipo ngolo ikaduka kapena kugubuduka palibe chowateteza.

Popakira, katundu wolemera monga madzi ndi batire akhale pamwamba pa matayala kapena patsogolo pake pang'ono. Kulemera kukachuluka kumbuyo, ngolo imayamba kuvina uku ndi uku galimoto ikathamanga, ndipo imatha kuikokera kutchire.

Amisiri athu angaipange?

Kuitanitsa kalavani yopangapanga kuchokera ku South Africa kapena ku Ulaya n'kodula. Pamtengo wogulira pamabwera ndalama yonyamulira ndi msonkho wa MRA, zonse zofuna ndalama zakunja zomwe n'zosowa. Ndalama imeneyo itha kulipira malo ogona kwa zaka zingapo, makamaka kwa banja lomwe limayenda kamodzi pachaka pa Khirisimasi.

Koma tikumbukire kuti kalavaniyi idayambira m'manja mwa amisiri a pakhomo. Luso lofunika lilipo kale mumzinda uno. Ku Mchesi kuli akalipentala omwe amapanga mabedi ndi makabati tsiku ndi tsiku. Ku Biwi ndi ku Kawale kuli owotcherera zitsulo omwe amapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo. Plywood, malata, mahinjesi ndi mawaya zimapezeka m'mahadiweya a mu Old Town, ndipo zitsulo za galimoto zakale sizisowa. Kumidzi amisiri akhala akupanga ngolo za ng'ombe pogwiritsa ntchito ekiselo ya galimoto yakutha kwa zaka zambiri.

Chenjezo n'lakuti ngolo ya ng'ombe imayenda liwiro la munthu wapansi, pomwe kalavani imathamanga makilomita 80 pa ola pakati pa galimoto zina. Powotcherera pamodzi pakalekana, ngozi yake imakhudza ndi anthu osalakwa omwe. Chimango, cholumikizira kugalimoto, masipuling'i ndi mabering'i si malo ochepetsera ndalama. Pafunikanso tcheni chachitetezo choti chigwire ngolo cholumikizira chikamasuka. Denga nalo limatidwe bwino, chifukwa plywood ikangomwa madzi a dzinja limodzi imafufuma n'kuyamba kuola, chiswe n'kumalizitsa.

Ingathandize ndani?

Tikaika zonse pasikelo, kalavani ya msozi ikuoneka kuti ndi ya anthu awiri oyenda pafupipafupi. Bambo ndi mayi omwe ana awo adakula, ndipo akufuna kuliona dziko lawo atapuma pantchito, itha kuwakomera. Chimodzimodzi anthu omwe ntchito yawo ndi ya m'njira: ogula mbewu m'midzi nthawi yokolola, amalonda oyendera misika ya patsiku, amisiri okumba zitsime ndi oika masola, ngakhalenso abusa oyendera mipingo yakutali ndi opita kumisonkhano ya misasa. Ambiri mwa anthu amenewa amagona kale m'galimoto atapinda miyendo, kapena m'maresitihausi omwe nsikidzi zake sizigonetsa. Kwa iwo bedi laukhondo lokhoma ndi kiyi ndi chinthu chaphindu.

Palinso mwayi wa bizinesi. Munthu atapanga makalavani awiri kapena atatu olimba bwino n'kumabwereketsa kwa ofuna kupita kunyanja kumathero a sabata, ambiri angalawe ulendo wotere popanda kugula yawoyawo.

Koma kwa banja la ana anayi lomwe cholinga chake n'choti anawo akaone nyanja, njira yachidule ndi tenti. Matenti awiri, matiresi opyapyala, maneti, mbaula ndi mapoto zimakwana m'buti ndi padenga la galimoto, popanda nambala yatsopano, chokokera kapena mantha a pa Khwekhwelere. Ngakhale wopanda galimoto atha kukwera nazo basi ya ku Salima.

Kaya mwasankha tenti kapena kalavani, gonani pamalo ovomerezeka pomwe pali mlonda, madzi ndi chimbudzi. Mdima ukakugwerani kutali ndi malo otere, musangoima patchire kapena m'mbali mwa msewu. Pitani kwa amfumu kapena kupolisi yapafupi, mupereke malonje, akuonetseni poima. Funsani eni dera musanasambe m'nyanja kapena mumtsinje, chifukwa ndiwo amadziwa pomwe pali ng'ona, ndipo mukabwerako kunyanja ndi bwino kukaonana ndi achipatala za likodzo. Zinyalala zanu nyamulani.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Chomwe alendo odutsa mu Old Town aja akutionetsa n'chakuti munthu atha kuzungulira dziko lino lonse, kuyambira ku Mulanje mpaka ku Karonga, osalowa m'hotela ngakhale tsiku limodzi. Nyanja yomwe iwo amaiyendera makilomita zikwizikwi ili maola awiri okha kuchokera pa depoti ya Lilongwe, ndipo paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear idalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse kalekale mu 1984.

Tchuthi chikubwerachi, yambani ndi usiku umodzi ku Senga Bay ndi tenti yobwereka. Mukabwerako mutagona bwino, ana akufunsa kuti tipitanso liti, pamenepo ndiye mukayambe kukambirana ndi mmisiri za kalavani.